Kamodzi Chepetsani, Kawiri Imani

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu chaka chimene ndinasanduka maso a bambo anga. Sindikunena mokuluwika ayi. Bambo anali ndi ng'ala m'maso onse awiri, koma ankayendetsabe galimoto.

Tinkakhala kufupi ndi Bangula. Bambo anali ndi pikapu yakale yoyera imene inkanyamula amayi ogulitsa nsomba ndi madengu awo a milamba yowamba, kuchokera kumadooko a Elephant Marsh kupita ku Nchalo ndi ku Chikwawa, nthawi zina mpaka kukwera phiri kukafika ku Blantyre. Fungo la utsi wa nsomba linalowerera m'mipando moti ngakhale kutchalitchi anthu ankadziwa kuti tafika asanacheuke. Galimoto imeneyo ndiyo inkatidyetsa, chifukwa kudimba kwathu madzi ankakokolola mbewu pafupifupi chaka chilichonse. Achimwene anga awiri anali atapita ku Joni, ndipo pakhomo ndinatsala ine, mtsikana wongomaliza kumene folomu folo.

Ng'alayo inabwera pang'onopang'ono. Poyamba bambo ankati galasi lakutsogolo lada, ine n'kumapukuta galasi loyera kale. Tsiku lina anapereka moni waulemu kwa mtengo wa papaya poganiza kuti ndi abusa. Amayi ndi ine tinangoyang'anana, palibe anaseka. Za chipatala sankafuna n'kumva komwe. "Mpeni m'diso langa? Nkhabe!" ankakana choncho m'Chisena chawo, nkhani n'kuthera pomwepo.

M'malo mwake anandiphunzitsa kuyendetsa. Tinkazungulira bwalo la mpira la kusukulu mpaka ana anatopa n'kutithamangira. Ndinagwira msanga, ndipo laisensi ndinaipeza ulendo woyamba. Ndinkaganiza kuti vuto latha: ine pachiwongolero, bambo pambali akucheza ndi makasitomala awo. Sindinkadziwa kuti kapepala kozungulira kamene kamamatidwa pagalasi kali ndi mawu akeake.

Inshuwalansi ya galimotoyo itatsala pang'ono kutha, tinapita ku Blantyre kuti tikaikonzenso n'kulembetsapo dzina langa. Tinalowa maofesi atatu, konseko kozizira ngati m'filiji, ndipo konseko anandiyang'ana chimodzimodzi. Bambo wa mu ofesi yachitatu ndiye anafotokoza mofatsa. Anati laisensi yanga ndi yatsopano, zaka zanga n'zochepa, galimotoyo ndi yonyamula katundu wa malonda, ndipo madalaivala a msinkhu wanga amachita ngozi kawirikawiri. Mtengo umene anatchula unali woti tigulitse imodzi mwa ng'ombe zathu ziwiri. Bambo anga anaseka, poyesa kuti munthuyo akucheza.

"Nanga ikakhala m'dzina langa lokha, ngati kale?"

"Imeneyo ndi yotsika mtengo, madala. Mwayendetsa zaka zambiri popanda ngozi. Koma dziwani kuti chikachitika china mwanayu ali pachiwongolero, ife sitilipira kalikonse."

Palibe anafunsa za maso. Bambo anasaina pamene ndinawaikira chala.

Potsika phiri lija ndinkayendetsa ine. Titawoloka mlatho wa Shire, mpweya wotentha wa kwathu utatilandira, bambo anayamba kulankhula ngati munthu amene wapeza nzeru yoti ena onse anaiphonya.

"Luwiza, ngozi imachitikira pati? Pamene pali anthu. Mboni zimakhala pati? Pamene pali anthu. Ndiye kuthengo uziyendetsa iwe. Tikayandikira msika kapena lodibuloko, ndizigwira ine."

Ndinafuna kufunsa kuti aziona ndi chiyani, koma kwathu mwana wamkazi safunsa bambo ake funso lotero. Iwo okha anayankha. Anati ndizikhala pakati, pafupi nawo, dzanja langa lili pa bondo lawo. Ndikagogoda kamodzi, achepetse liwiro. Ndikagogoda kawiri, aime. Ndikafinya, asendere chapakati pa msewu. Kulankhula ayi, chifukwa mpando wa kukhomo nthawi zonse unkakhala ndi kasitomala, ndipo amayi a nsomba akamva nkhani ku Bangula m'mawa, pofika masana yafika ku Marka.

Tinayenda motero miyezi isanu. Msewu ukakhala wopanda kanthu, wongoti mbee, minda ya thonje uku ndi uku, ndinkayendetsa ine amene ndinkatha kuona mbuzi ili patali. Tikayandikira Ngabu kapena Nchalo, pamene pali njinga za kabaza, ngolo, ana a sukulu ndi oledzera, ndinkaima pambali n'kupereka chiwongolero kwa munthu amene sankasiyanitsa abusa ndi papaya. Bambo ankauza okwera kuti, "Mwanayu akuphunzirabe, pa anthu sanazolowere." Amayi aja ankawayamikira kuti ndi dalaivala wosamala. Mawu amenewo ankandiwawa kuposa chitsulo cha giya chimene chinkandiotcha mwendo.

Sindidziwa ngati ndingafotokoze bwino mmene mtunda waufupi wa pamsika unkatalikira. Thukuta linkatsika kumsana mpaka m'chiuno. Maso anga ankathamanga uku ndi uku, chala chili chilili pa bondo, pakamwa ndikumwetulira kuti kasitomala asadabwe. Tikatuluka tsidya lina n'kusinthananso, giya yoyamba ndinkaiphonya chifukwa cha mantha aja, okwera n'kumati, "Zoonadi, sanazolowere."

Ndinayesa kudandaulira amayi anga tikutsuka mbale kuseri kwa nyumba. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Ukanena, awalanda laisensi. Galimoto ikaima, tidya chiyani? Fumbi?"

Ndinaganizapo zothawira kwa azakhali ku Nsanje. Koma ndinkawadziwa bambo. Ndikanachoka, akanayendetsa okha, popanda ngakhale chala pa bondo. Kukhala kunali koipa, kuchoka kunali koipa kuposa. Ndinkadana ndi galimotoyo, ndinkadana ndi kapepala kapagalasi, ndipo masiku ena, Mulungu andikhululukire, ndinkadana ndi bambo.

Tsikulo linali la kumapeto kwa mwezi wa Okutobala, a kuesiteti ya nzimbe atalandira malipiro. Nchalo inali itadzaza. Dzuwa linali likupendeka koma likuotchabe, fumbi lili kobo. Kutsogolo tinali ndi mayi Jasi, kasitomala wakale wa bambo, munthu wa nthabwala amene akayamba nkhani sapuma. Ankasimba za mkamwini wawo amene anagwa m'bwato akuthawa ng'ona imene inali chipika chabe, ndipo bambo ankaseka mpaka thupi lonse kugwedezeka.

Mwanayo ndinamuona ali patali. Kanali kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi chimodzi, kovala diresi lofiira, kataima kumanzere kwa msewu kakuyang'ana munthu wina tsidya linalo. Ndinadziwa kuti kathamanga, chifukwa mwana akafuna kuwoloka amaoneka mapewa. Ndinagogoda kawiri. Bondo linali likugwedezeka ndi kuseka, ndipo bambo anamva kamodzi. Anachepetsa liwiro, osaima. Ndinagogodanso, mwana atayamba kale kuthamanga. Pakamwa panga panatseguka, mawu ali pakhosi, koma ndisanakuwe ndinacheukira kaye mayi Jasi. Ndinacheuka ndithu. Kenaka m'pamene ndinakuwa kuti, "Baba, mwana!"

Phokoso lake linali laling'ono, ngati dengu lagwa pansi.

Anthu anatizungulira nthawi yomweyo. Ena ankamenya galimoto ndi zikhatho, ena ankafuna kukoka bambo pawindo, mpaka wapolisi amene anali pafupi anafika n'kuwabweza. Mwanayo anali moyo, akulira, mkono wake wamanzere utapindika pamalo posayenera kupindika. Wapolisiyo anatsitsa bambo n'kufunsa ngati panali wina wodziwa kuyendetsa. Ndinakweza dzanja ngati ndili m'kalasi. Ndine ndinathamangitsira mwanayo kuchipatala, mayi ake atamufungatira pambali panga, akumutchula dzina mobwerezabwereza: Esime, Esime. Ndinadutsa pakati pa msika womwewo, pa anthu omwewo, osakhudza ngakhale nkhuku.

Kupolisi zonse zinali m'malo mwake. Laisensi ya bambo inali isanathe. Inshuwalansi inali yamoyo, ndipo woyendetsa anali yemweyo wolembedwa papepala. Mboni zinati madalawo amayenda pang'onopang'ono, mwana ndiye anathamangira mumsewu, ndipo sizinaname. Mayi Jasi analumbira kuti m'zaka zonse zimene akwera galimotoyo sanaonepo dalaivala wofatsa ngati ameneyu. Ine sanandifunse kanthu, ndipo sindinanene kanthu.

Patapita miyezi, uthenga unabwera woti kampani ya inshuwalansi yalipira zonse za kuchipatala ndiponso yapereka chipepeso kwa makolo a Esime. Bambo anali ataonda nthawi yonseyo, osadya bwino, ndipo ndikudziwa kuti mwanayo ankawapweteka mumtima. Koma tsiku limenelo nkhope yawo inamasuka. Anandiitana pakhonde.

"Waona, Luwiza? Ukanakhala iwe pachiwongolero, sakanapereka ngakhale tambala. Nzeru ija yatipulumutsa."

Chimene chinandiopsa n'chakuti ankanena zoona. Dongosolo lawo linagwira ntchito ndendende mmene analikonzera. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinawayankha bambo anga ndili chiimire.

"Ndikanakhala ine pachiwongolero, baba, mwana uja sakanagundidwa."

Amayi anagwetsa chikho kukhitchini. Bambo anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu anga, maso awo otuwa akundifunafuna.

M'mawa mwake ndinatenga kiyi wa galimoto n'kumumangirira pansonga ya chitenje changa. Ndinawauza kuti sindikhalanso pakati, ndipo sindiyendetsanso mpaka dzina langa lilembedwe papepala. Ndinawonjeza kuti akafuna kuyendetsa okha, ndikaima pamsika pa Bangula n'kuuza aliyense za maso awo. Kiyi sindinapereke.

Galimoto inaima miyezi itatu pansi pa mtengo wa nimu, nkhuku zikuikira mazira kumbuyo kwake. Amayi a nsomba anapeza galimoto zina, ena sanabwererenso. Inali nthawi ya njala, ndipo tinafika pokazula nyika, mizu ya zomera za m'madzi, m'dambo n'kumaphika ngati mbatata. Bambo sankandilankhula. Akafuna madzi ankauza amayi kuti, "Muuzeni mwana wanuyo." Amayi nawo ankandiyang'ana ngati ndine ndabweretsa njalayo, ndipo mwina sankalakwa kwenikweni. Usandifunse kuti ndinapirira bwanji, chifukwa kangapo konse ndinamasula mfundo ya chitenje ija n'kuimanganso.

Tsiku lina m'mawa ndinaona munthu wa kubutchala akutuluka m'khola ndi ng'ombe yathu yaikazi. Bambo anali ataima pakhomo la khola, dzanja lili pamtengo, akumvetsera mapazi ake mpaka anazilala. Kenaka ananena, osatembenuka, "Mawa tipita ku Blantyre. Uvale bwino." Dzina langa linalembedwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo bambo sanakhudzenso chiwongolero. Patatha zaka ziwiri analola kuti diso limodzi alichite opaleshoni, ndipo linatseguka, koma sanapemphenso kiyi mpaka tsiku limene anatisiya.

Ndakhala ndikuyendetsa msewu umenewu zaka zambiri tsopano, ndipo chaka chino mwana wanga woyamba wapeza laisensi. Nditamva mtengo womulembetsera pa inshuwalansi ndinatukwana chamumtima monga kholo lililonse, ndinazungulira maofesi kufuna potsika, ndipo ndinalipira. Anzanga ena amandiuza kuti ndangotaya ndalama, bwenzi nditangosiya m'dzina langa, ndani angadziwe. Sinditsutsana nawo nthawi yaitali.

Kwa zaka zambiri mlandu wonse ndinkauika pa bambo, ndi pa anthu a m'maofesi ozizira aja amene anatchula mtengo woti mlimi wa ku Bangula sangaufikire. Lero ndikuona kuti yotsika mtengo ija sinali yotsika konse. Mbali imene ife tinaipewa inakalipiridwa ndi munthu amene mu ofesimo munalibe. Ndikuonanso kuti pakati pa kugogoda ndi kukuwa panali kamphindi kamodzi, ndipo kamphindi kameneko sikanali ka bambo kapena ka kampani. Kanali kanga, ndipo ndinakagwiritsa ntchito posunga chinsinsi cha pakhomo pathu.

Esime ndi mayi wa ana awiri tsopano, amagulitsa tomato pamsika womwewo. Mkono wake wamanzere suwongoka, moti beseni amalinyamula ndi dzanja limodzi mothandizidwa ndi chiuno. Akaona galimoto yanga amaimirira, n'kumauza anzake kuti awa ndi amayi amene anandithamangitsira kuchipatala ndili mwana. Nthawi zonse amandiwonjezera tomato awiri pamwamba, n'kundithokoza m'Chisena kuti, "Takhuta, mayi." Ine ndimalandira ndi manja awiri, ndipo mpaka lero sindinamuuze kuti ndinamuona ali patali.