Migolo Iwiri Kuseri kwa Nyumba ya Yu Warsi

Tsiku lomaliza kuwaona ali moyo, achemwali anga anali atagwada m'bafa mwathu, tochi ili kukamwa, dzanja lili m'thanki ya madzi osamba. Ine ndinaima pakhomo ndi chikwama, ndikunamizira kuthamangira basi ya ku Solo kuti ndikalowe m'kalasi. Koleji ndinali nditaisiya miyezi inayi m'mbuyomo, osawauza.

Anachotsa tochi ija kukamwa. Ankanditcha Le, monga timaitanira mnyamata kwathu kuno. "Le, thanki ya kumene umagona uko umaikwecha?"

"Ndimaikwecha, Yu."

"Bodza. Khosi lako lomwelo sulikwecha." Anaseka n'kuweramiranso m'thanki.

Patatha masiku asanu ndi anayi, lole inawagunda ali pa njinga yamoto, akuchokera kogula tempe, chakudya cha soya chomwe ankachita nacho geni.

Ndikulembera inu amene mwatopa ndi ntchito yomwe palibe amakuthokozani. Ine sindine woyenera kulimbikitsa munthu. Woyenera anali Yu Warsi, achemwali angawo, koma iwo sangalembenso.

Dzina lawo lonse linali Warsiti; Yu ndi mmene timaitanira mchemwali wamkulu. Makolo athu atamwalira, iwo anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ine ziwiri. Sukulu anaisiya sabata yomweyo. Ankandibereka ndi nsalu n'kumagulitsa tempe ndi nthochi zokazinga pafupi ndi siteshoni ya sitima kuno ku Semarang. Kenako anakwatiwa, koma mwamunayo anapita kukagwira ntchito ku minda ya ku Kalimantan, n'kusiya kuyankha foni. Anawasiyira mwana wamkazi, Laras.

Laras ali ndi zaka zinayi anatentha thupi. Yu Warsi anamukanda msana ndi ndalama yachitsulo ndi mafuta, monga timachitira mphepo ikalowa m'thupi. Tsiku lachinayi kutentha kunatsika, iwo anathokoza Mulungu n'kupita kukagulitsa. Sankadziwa kuti matenda a dengi amapha pa nthawi yomwe thupi lazizira. Tsiku lachisanu mwana anamwalira m'manja mwawo, pa benchi ya kuchipatala.

Namwino wina anawauza kuti udzudzu wa matendawa suswana m'ngalande ayi, umaswana m'madzi oyera a m'nyumba. Atabwerako kumanda anabwereka tochi, n'kuunika m'thanki yathu. Timphutsi ta udzudzu tinali tikuvina m'madzi omwe ankasambitsira mwana wawo.

Mwezi wathunthu sanakazinge kanthu. Ine ndinkadya kwa anthu oyandikana nafe. Ndiye Lachisanu lina anavala mpango wawo wakumutu, napita kuchipatala cha m'dera lathu kukapempha kuti awaphunzitse ntchito yofufuza timphutsi. Anawapatsa tochi ndi mulu wa makadi, opanda malipiro.

Ntchito yake ndi iyi. Lachisanu lililonse umagogoda nyumba ndi nyumba, n'kupempha kulowa m'bafa. Umaunika m'thanki, m'kambale ka kuseri kwa firiji, m'miphika ya maluwa. Kuseri kwa chitseko chilichonse kumakhala khadi. Ukapanda kupeza kanthu umalemba kamzere. Ukapeza timphutsi umalemba mtanda.

Kanjira kathu kali ndi nyumba makumi asanu ndi limodzi, ndipo chaka choyamba theka la nyumbazo linkatseka zitseko. Ena ankazimitsa wailesi n'kukhala chete ngati mulibe munthu. Ena ankanena kuti mayi amene analephera kusamala mwana wake alibe choti angaphunzitse anzake. Mawu amenewo Yu Warsi anawamva ndi makutu awo, pa golosale, ndipo Lachisanu lotsatira anagogodanso pakhomo pa amene anawanenawo.

Pak Sarkum, mkulu wina woweta njiwa zoimba m'zikwere, anawatsekereza pakhomo atangomanga nsalu m'chiuno.

"Iwe wa tempe, ukufunamo chiyani m'bafa mwa mwamuna wa eni?"

"Musaope, Pak. Inuyo ndilibe nanu ntchito. Ndikufuna alendo amene mukuwasunga osalipira lendi."

Anawapeza alendowo m'tizikho tomwera njiwa zija, n'kulemba mtanda. Mkuluyo anawatsatira mpaka panja akupempha kuti afufute, chifukwa apongozi ake ankabwera Lamlungu. Sanafufute. Sanafufutepo mtanda wa munthu aliyense, ngakhale wa mkazi wa mkulu wa dera lathu, amene anakhala miyezi iwiri osawapatsa moni.

Chaka chachiwiri anagwirizana nawo Bu Kustiyah, mayi wosoka zovala. Kenako anabwera Bu Ngatmi wogulitsa ndiwo zamasamba, kenako ena, mpaka owathandiza anakwana amayi asanu ndi awiri. Zitseko zinayamba kutseguka. Anthu ena anayamba kukwecha matanki Lachinayi poopa manyazi a Lachisanu, ndipo Yu Warsi ankati manyazi oterowo ndi mankhwala abwino. Kwa zaka zisanu ndi zinayi, m'kanjira kathu simunamwalire mwana ndi dengi. Pa zaka zomwezo, tempe wawo ananditumiza ku koleji.

Mu Novembala amayi aja anapereka dzina lawo ku mphoto imene mzinda umapereka chaka ndi chaka kwa anthu odzipereka. Yu Warsi atamva anawakalipira. "Mphoto imapha udzudzu?" Koma nditatsegula kabati yawo pambuyo pa maliro, ndinapeza mpango watsopano wobiriwira, ukadali m'pepala lake.

Akuluakulu a mphotoyo anavomera kuti dzina likhalebe pa mndandanda ngakhale mwini wake wamwalira. Anati adzatumiza dokotala kudzayendera makadi ndi madzi. Panali lamulo limodzi lomwe sitinkaliopa: khadi ya m'nyumba ya mwini dzina iyenera kukhala yopanda mtanda kwa miyezi itatu yomaliza.

Apa ndi pamene ndikulowa ine.

Pa maliro tinabwereka migolo iwiri ku mzikiti, ya madzi osambitsira thupi ndiponso oti alendo azisamba asanapemphere. Mapemphero a masiku asanu ndi awiri atatha, wina anaikankhira kuseri kwa nyumba, yosavindikira, kuti idikire mapemphero a tsiku la makumi anayi. Inali nyengo ya mvula. Ine ndinkangogona pa mphasa, ndikudya zomwe anthu abweretsa. Ku Solo sindinabwererenso, ndipo anthu anadziwa kuti koleji ndinaisiya. Kuseriko sindinapiteko.

Amayi a tochi nawo ankadumpha nyumba yathu. Kwathu kuno sulowa m'nyumba ya maliro kukafufuza uve, ndipo nyumbayo inali ya mphunzitsi wawo. Ankafika pakhomo, n'kundifunsa ngati ndadya, n'kupitirira.

Dokotala ankabwera Lachisanu. Lachinayi masana, Bu Kustiyah ndi Bu Ngatmi anabwera kudzakonza khadi yathu. Ataichotsa kuseri kwa chitseko, anaiyang'ana nthawi yaitali. Timizere ta Yu Warsi tinatsika bwinobwino mpaka sabata yoyamba ya Disembala. Pansi pake panali mabokosi asanu ndi limodzi opanda kanthu.

"Le, tiloleze tingoyang'ana," anatero Bu Kustiyah.

Thanki ya m'bafa inali bwino, chifukwa madzi ankatha tsiku ndi tsiku. Kambale ka firiji kanali kouma. Ndinayamba kupuma. Kenako Bu Ngatmi anatuluka pa khomo lakuseri, ndipo sanabwerenso. Titamutsatira tinamupeza ataima pakati pa migolo ija, tochi ili yozimitsa. Sinafunikenso. Madzi onse ankagwedezeka okha.

Tinagubuduza migoloyo pa simenti yotentha, tinaikwecha ndi bulashi mpaka manja kuwawa, n'kuitembenuza chafufumimba. Titabwerera m'nyumba, khadi ija inali pa tebulo pomwe tinaisiya.

"Tilembe timizere," anatero Bu Ngatmi. "Madzi tataya. Dokotala mawa sapeza kanthu. Akudziwa ndani?"

"Tikudziwa atatu," anayankha Bu Kustiyah.

"Ndiye mukufuna mayi ameneyu amanidwe chifukwa cha migolo ya maliro ake omwe? Zaka zisanu ndi zinayi akutukwanidwa pa makomo a anthu, Mbak Kustiyah. Anapezapo chiyani? Tochi yokha, mabatire n'kumagula okha."

Bu Kustiyah anatenga cholembera, nachibweretsa pafupi ndi bokosi loyamba. Kenako anachiika patsogolo panga. "Sindingathe kulemba kamzere, ndiponso sindingathe kuwalembera mtanda. Nyumbayi ndi yako tsopano, Le."

Ndisakunamizeni kuti ndinalimba mtima msanga. Kunama ndinkakudziwa bwino kuposa onse m'chipindamo. Miyezi inayi ndinkawauza achemwali anga za mayeso omwe sindinalembe, iwo akundilongedzera tempe m'chikwama. Timizere tisanu ndi kamodzi sikanali kanthu kwa ine. Ndinaganiza za dzina lawo likuwerengedwa m'holo yaikulu, anthu ovala bwino akuimirira. Ndinkafuna zimenezo kuposa chilichonse, chifukwa ine sindinawapatsepo kanthu.

Koma khadiyo inali yodzaza ndi dzanja lawo, ndipo pamwamba pake, mu Malichi, panali mtanda umodzi umene anadzilembera okha. Sindikudziwa kuti tsiku limenelo anapeza chiyani. Palibe amene akanawaona.

Ndinasiya mabokosi asanu opanda kanthu, popeza palibe anayendera. M'bokosi lomaliza ndinalemba mtanda. Bu Ngatmi anatola tochi yake n'kutuluka osatsanzika.

M'mawa wa Lachisanu ndinasesa pakhomo katatu. Ndinamva dokotala akuyamba ku nyumba za kuchipata cha kanjira kathu, akuseka ndi anthu, akuyandikira pang'onopang'ono. Kawiri konse ndinapita kuseri kwa chitseko, ndikuganiza zong'amba khadiyo n'kunena kuti inatayika pa maliro.

Anali mayi wa magalasi, wosachedwa pa zinthu. Anaunika m'thanki, anaona migolo yotembenuza ija, kenako anapempha khadi. Chala chake chinatsika ndi timizere tija, n'kuima.

"Walemba uyu ndani?"

"Ine, Bu Dokter. Dzulo."

"Ukudziwa lamulo lake?"

"Ndikulidziwa."

Anayang'ana amayi asanu ndi awiri amene anadzaza pakhomo. Bu Kustiyah anayamba kufotokoza za maliro, za ulemu, za mvula. Dokotalayo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndayenda madera khumi ndi limodzi mwezi uno," anatero. "Makadi onse ndi timizere tokhatokha, chaka chathunthu, ngati udzudzu unasamuka mu Semarang. Khadi iyi ndiye ndaikhulupirira. Koma lamulo sindinalembe ine." Anaijambula ndi foni n'kundibwezera ndi manja awiri.

Mphoto inapita kwa bambo wina wa dera lina amene amachotsa zinyalala mumtsinje. Ndinaona chithunzi chake. Akuoneka munthu wabwino, ndipo ntchito yake ndi yoona. Komabe sabata imeneyo sindinkafuna kumva dzina lake. Bu Ngatmi akandiona ankayang'ana kumbali, ndipo ndinkaona kuti akulondola.

Lamlungu lachiwiri, tsiku lomwe amuna a m'kanjira kathu amagwira ntchito ya pamodzi, ndinamva phokoso kuchipata. Ndinapeza Pak Jumadi, wokonza njinga zamoto, ali pa makwerero ndi chitini cha penti. Kanjira kathu kanalibe dzina, kanali ndi nambala chabe. Nambalayo anali ataipaka kale penti yoyera.

"Mwagwirizana ndi ndani zimenezi, Pak?" ndinafunsa.

"Nyumba zonse. Ngatmi ndiye wayenda khomo ndi khomo, ngati wotolera msonkho. Choka pamenepo, Le, ndingakudonthezere. Kapena ugwire makwererowa, poti sukulu yakukana."

Anthu anaseka, inenso ndinaseka, koyamba chimwalirireni iwo. Pofika nthawi ya pemphero la masana, pamwamba pa chipata panalembedwa ndi zilembo zabuluu, zopendekeka pang'ono: WARSITI. Bu Ngatmi anaima patali atapinda manja. Lachisanu lotsatira anagogoda pakhomo pathu, nalowa m'bafa osapempha, nalemba kamzere.

Inu amene mukugogoda pa makomo otseka, osataya mtima. Achemwali anga anayamba ntchitoyi alibe sukulu, alibe mwamuna, mwana atamuika m'manda, ndipo ana a m'kanjira kathu amene akanafa akupita ku sukulu lero osadziwa kuti anapulumuka. Mphoto ikhoza kukudumphani. Gwirani ntchitoyo moona, kuti amene mwawaphunzitsa adzalephere kunama inu mutachoka.

Koma mawu anga aakulu ndi a ife enafe, amene timatsegula chitseko monyinyirika. Ngati m'dera lanu muli munthu wotere, musadikire a mumzinda, ndipo musadikire maliro. Muuzeni sabata ino, akumva. Ife penti tinali nayo zaka zonsezo.

Yu Warsi anamwalira Lachiwiri, pa 5 Disembala 2023.