Mbande Sizibwerera ku Nazale

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndinalira m'munda wa fodya kwathu ku Chulu. Bambo anali atawokera mbande dzulo lake, ndipo zonse zinali zitafota, masamba ali pansi.

"Ababa, tizibwezere ku nazale, zifatu izi!"

Anaseka. "Zelesi, mbande ikachoka ku nazale sibwererako. Ikufota chifukwa ikufunafuna pogwira."

Anzanga, mawu amenewa ndawamvetsa chaka chino.

Chikumbusko ndinakumana naye ku Bible study ya achinyamata ku Chamama, nditangoyamba uphunzitsi. Tsikulo tinkawerenga za anthu a Mulungu otengedwa ukapolo, ndi lonjezo loti adzawabwezera kwawo. Ine ndinali chete, monga mwa masiku onse.

Potuluka anandipeza.

"Madamu a digiri, mwatimana nzeru bwanji?"

"Ndinalibe chonena."

"Bodza! Mwadzaza masamba awiri m'kopemo, ndakuonani."

Palibe amene anandionapo chonchi. Anayamba kundiperekeza akukankha njinga, manja ake akununkha fodya. Ndinkadzifunsa chimene wapeza mwa ine, koma ndinamukonda.

Fodya wake atabwezedwa kawiri ku okushoni, anaganiza zopita ku Joni.

"Zaka ziwiri basi, Zele. Si unawerenga wekha? Otengedwa amabwerera."

Ndinagwira mawu amenewo. Paliponse pamene malemba ankanena za obwerera, ine ndinkaikapo dzina lake. Lamlungu lililonse ndinkamulembera tsamba limodzi m'kope lija, kuti adzawerenge akadzafika. Transfer ya ku Lilongwe itabwera ndinaikana, kuopa kuti adzandisowa.

Zaka ziwiri zinakhala zisanu. Mafoni anachepa... kenako zii.

Mu Ogasiti anabweradi. Ndinamuona akutsika minibasi pa Chamama, kumbuyo kwake mkazi wobereka mwana.

"Sorry, Zele... moyo wa kunja ndi wina. Ndinasowa poyambira."

"Wabwera bwino," ndinatero. 

Ndinasiya kupemphera. Ndinkati Mulungu wandinamiza.

Mvula itagwa ndinapita kwathu kukathandiza kuwokera, poti msana wa Bambo suwalolanso kuwerama nthawi yaitali. M'mawa mwake ndinaima pamzere ndikuyang'ana mbande zofota zimene tinawokera dzulo lake.

"Ababa, anthu a Mulungu aja anabwerera kuchokera ku ukapolo, anakapeza nyumba zawo zilipo?"

"Mabwinja okhaokha," anatero akupukuta khasu. "Nanga zakale zimadikira munthu?"

Ndinakhala pansi pamzerepo.

Anzanga, Mulungu sanawalonjeze dzulo lawo. Chimene anawabwezera ndi mtima woti amufunenso. Ndipo wotengedwa ukapolo sanali Chikumbusko. Ndinali ine! Zaka zisanu ndinkakhala kunja kwa moyo wanga, mapemphero anga onse ali a munthu mmodzi. Mulungu ndinamusandutsa kondakitala woti andibweretsere chibwenzi.

Zikupwetekabe, sindinama. Ndikadali wofota.

Lamlungu lapitali ndinathothola masamba onse a m'kope lija. Titaweruka ku tchalitchi ndinamupeza Chikumbusko pansi pa mtengo wa mango, mwana ali m'manja.

"Awa ndi ako. Uwerenge kapena ukolezere moto, zili kwa iwe. Ine ndikubwerera kwathu."

"Ku Chulu?"

"Ayi. Kwa Mulungu."

Ndinawapinda kawiri, n'kumupatsa.