Malo Anga Anali pa Eyiti

Ku komboni ya Nkana, nthawi ya nkhondo, sukulu yathu inali chipinda chimodzi cha malata. Utsi wa ku mgodi ukawombera kwathu, tinkatsokomola tonse ndi aphunzitsi omwe. Mnyamata amene anali asanalawepo ndodo ya aphunzitsi athu a Gondwe ndinali ine ndekha. Komboni yonse inkadziwa zimenezi, chifukwa ndinkalengeza ndekha.

A Gondwe anabwera kuchokera ku Nyasalande ndi masamu oposa msinkhu wathu. Tsiku lina analemba manambala ndi choko pakhoma kukwera m'mwamba, ena pansi kuchokera patsinde pa khomalo. Anandikweza pa mgolo nditagwira nsonga ya chingwe. Nsonga inayo anapatsa Mulenga, mnzanga wachibemba. Pabolodi analemba 2x + y = 6.

"Khoma ndi y, pansi ndi x, chingwechi ndiye mzere. Wogwira polakwika, ndodo."

Pakhoma x amakhala ziro, choncho ndinagwira pa sikisi. Mulenga anagwira pa firii. Aphunzitsi anafufuta sikisi n'kulemba eyiti. Ine ndinakweza dzanja pa eyiti, Mulenga anabwerera m'mbuyo mpaka pa folo. Ndinacheukira atsikana kuti ndione ngati aona.

Kenako anafufuta thuu wa pa x uja n'kulemba folo. Mulenga anawerenga zala, n'kusendera pa thuu, kufupi ndi khoma. Ine ndinali nditazolowera kugwirira bambo makwerero: ukakankhira phazi lake kukhoma, mutu umakwera. Ndiponso Mulenga asunthe, ine mwana wa a Phiri ndingoima ngati chitsa? Ndinanyanyamphira mpaka pa teni, mgolo ukugwedera.

"Phiri, eyiti wako ndamukhudza?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Nanga ukupita kuti? Kumwamba?"

"Ikila, kalaliki!" anakuwa Mulenga m'Chibemba, kundiuza kuti nditsike. Kalasi yonse inafa nako kuseka.

Ndinatsika. Ndodo ija inali ya mpira, chidutswa cha paipi ya ku mgodi, ndipo kabudula wanga anali wopyapyala. Mayi anaimvera kumpopi nkhaniyo ine ndisanafike kunyumba.

Masiku ano adzukulu anga ku Chimwemwe amakoka mzere womwewo ndi chala pafoni. Akalakwa amangobweza, popanda wowaona. Mmodzi anandifunsa kuti ndinadziwa bwanji kuti nambala yochulukitsa x sisuntha malo a pakhoma, ine wa sukulu ya pulayimale. Ndinamuuza kuti m'kalasi mwathu wanzeru ndinali ine. Mulenga anamwalira kale, sangatsutse.