Fulashi Imene Ndinaibisa M'thumba

Sindibisa, chaka chimenecho ndinkafuna kuti mlamu wanga agwe chagada pamaso pa anthu. Ndinkadzuka nazo, ndinkagona nazo, ngakhale m'tchalitchi zinkandibwerera pakati pa nyimbo.

Kusikimu kwathu, kufupi ndi nyanja ya Chilwa, mpunga wa m'chilimwe umadalira madzi a mumngalande, ndipo madziwo timalandira mosinthana. Kwa zaka ziwiri mndandanda wa madzi unali m'manja mwanga. Ndinalemba kapulogalamu kamene kankagawa masiku, kutumiza meseji kwa mwini munda kuti mawa madzi ndi ake, komanso kutulutsa pepala la wotsegula mageti a madzi. Sukulu ya makompyuta ku Zomba sindinaimalize, koma kantchito aka kanandipatsa dzina. Ndikamapalasa njinga kupita ku Kachulu, azibambo akuluakulu ankayamba okha kundipatsa moni.

Nthawi imeneyo n'kuti kutabwera othandiza a AI, aja umawauza zochita pawindo lakuda la kompyuta, iwo n'kumalemba khodi ndi kuyendetsa malamulo okha. Pagulupu yathu ya pafoni ya olemba mapulogalamu tinkakangana za iwo tsiku ndi tsiku ngati za mpira. Ena ankatama wina amene ine ndinkamutcha wofunsafunsa, chifukwa asanakhudze fayilo ankaima n'kufunsa kaye ngati ukulola. Ena ankati ameneyo ndi wotayitsa nthawi, wabwino ndi waliwiro, amene ukangomumasula amagwira zonse osacheuka. Panalinso wachitatu amene ankakondedwa ndi ana asukulu, koma aliyense ankavomereza kuti ntchito ikatalika amaiwala zimene mwagwirizana poyamba. Ine ndinali wa wofunsafunsa. Netiweki ya kwathu imaduka ngati ulusi wovunda, ndipo sindinkafuna chinthu chothamanga ndi mafayilo anga ine ndisakuona.

Mlamu wangayo anakwatira mchemwali wanga wamng'ono. Amagwira ntchito ya makompyuta m'tauni, ndipo pagulupu ndiye anali mkulu wa kwaya ya waliwiro. Atabwera kutchuthi anandipeza nditakhala pangolo kuseri kwa sukulu, pomwe netiweki imagwirako, laputopu ili pamiyendo, ndikuyankha mafunso a wothandiza wanga mmodzimmodzi. Anandijambula ine osadziwa. Madzulo ake chithunzi chinali pagulupu, pansi pake atalemba kuti onani injiniya wa kumudzi, makina akum'funsa mafunso ngati ali kwa ankhoswe. Anthu anaseka masiku atatu. Chilamu timachidziwa, timanyozana n'kuseka, koma chilamu chimathera pakhonde. Uyu anandivula pamaso pa anthu amene ndinkafuna kuti azindiwerengera.

Sanalekere pomwepo. Komiti ya sikimu inkafuna kuti minda yatsopano ya kumunsi ilowe mumndandanda, ndipo ine ndinali nditapempha masabata awiri. Iye anapita kwa mayi apampando n'kunena kuti zimenezo n'za masana amodzi. Mayiwo anandiitana n'kundiuza mwaulemu kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndim'patse mpata mlamu wanga. Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Mumtima ndinam'sungira kampeni kumphasa.

Tsiku lopereka mafayilo tinakhala mushedi ya sikimu. Ndisanachoke kunyumba ndinakopera mndandanda wonse pafulashi yosungira mafayilo n'kuiponya m'thumba la buluku. Mlamu anatsegula windo lake lakuda n'kuuza waliwiro kuti ayeretse mndandandawo, achotse zobwerezabwereza, kenaka awonjezere minda yatsopano. Mizere inayamba kutsika pasikirini ngati madzi otsegulidwa pageti. Pakati pake ndinaona mzere wonena kuti wachotsa mayina onse okhala ndi nambala ya foni yofanana, wasiya limodzilimodzi.

Kwathu kuno foni imodzi imatumikira mabanja anayi kapena asanu. Agogo alibe foni, amalembetsa nambala ya mdzukulu. Wamasiye amalembetsa ya mnansi. Meseji ikafika, mwini foni amayang'ana nambala ya munda n'kukauza mwini wake. Wofunsafunsa wanga anaonapo zomwezo miyezi ya m'mbuyo, n'kundifunsa ngati achotse, ine n'kukana. Waliwiro sanafunse munthu. Mlamu naye sanawerenge, maso ake anali pa mayi apampando, akuwafotokozera kuti dziko linapita patsogolo.

"Mwaona, alamu?" anatero akutseka laputopu. "Tiyi wanu sanazizire n'komwe."

"Ndaona," ndinayankha. Ndipo ndinalidi nditaona.

Inali nyengo yowokera. Sabata yoyamba madzi anapita kwa amene anatsala mumndandanda, ena onse anangodikira meseji imene sinkabwera. Wotsegula mageti ankatsata pepala, ndipo papepala panalibe minda yawo. Atayamba kudandaula, mlamu anati ndi vuto la netiweki, adikire. Ine ndinkadutsa m'mizere ya minda m'mawa uliwonse, ndikuona dothi likung'ambika ndi mbande zikusanduka zachikasu. Ndikanatha kukonza zonsezo tsiku limodzi. Koma ndikanakonza mwakachetechete, mlamu akanabwerera kutauni ndi ulemu wake wonse, mwinanso n'kukalemba pagulupu kuti anapulumutsa sikimu. Ndinkafuna msonkhano, ndipo ndinaudikira masiku asanu ndi anayi, fulashi ili m'thumba.

Msonkhanowo unachitika Loweruka m'mawa. Shedi inadzaza, ena anaima padzuwa. Mayi wina wamasiye, mnzawo wa mayi anga amene amaimba nawo limodzi kumvano, anabwera ndi mbande zouma m'manja n'kuziika patebulo. Mlamu anayambanso nyimbo yake ya netiweki, akusakaniza ndi Chingerezi kuti anthu aope. Ndinamusiya alankhule mpaka malovu amuthere, kenaka ndinaimirira n'kupempha kuti awerenge mokweza dzina la mayi wamasiyeyo mumndandanda wake.

Anasaka. Anasakanso. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa shati yake yoyera. Ndinatchula dzina lachiwiri, lachitatu, lachinayi, onse anthu amene anali pomwepo akumuyang'ana. Kenaka ndinafotokoza bwinobwino, m'Chinyanja chomveka kwa aliyense, zimene makina ake anachita, ndi chifukwa chake munthu wodziwa mudzi uno sakanalola zimenezo. Ndinatulutsa fulashi, n'kuilowetsa mulaputopu yanga, mayina onse n'kubwerera. Anthu anang'ung'udza, wina kumbuyo anafunsa ngati sukulu za m'tauni zimaphunzitsa kufufuta anthu amoyo. Mlamu anagwetsa nkhope. Kunena zoona, zinandikomera kuposa chilichonse chimene ndinalawapo, ndipo ndinali nditayamba kale kukonza m'mutu mawu okalemba pagulupu.

Mayi apampando anadikira phokoso lithe. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Achimwene, kanthu kanuko mwakhala nako kuyambira liti?"

Ndinayesa kuzungulira, ndinati mndandanda wakale munthu amasunga basi. Iwo anafunsanso kuti ndinadziwa liti kuti mayina achotsedwa. Bodza linali pafupi, koma mlamu anali atadzutsa mutu, ndipo ankakumbuka bwino kuti tsiku lija ndinakhala pambali pake. Ndinanena kuti ndinadziwa tsiku lomwelo.

Komiti sinachedwe kugamula. Mndandanda unabwerera kwa ine, chifukwa panalibenso wina woti angaugwire. Koma anati ife awiri, amene tinaumitsa minda ya anthu, tikafune mbande kwa amene anatsala nazo ndipo tikawokerenso ndi manja athu, kuyambira m'munda wa mayi wamasiye uja.

Lolemba tinalowa m'matope. Mlamu anali asanawokerepo chibadwire. Ankaterereka, mizere yake inkakhota ngati njira ya woledzera, ndipo msundu utam'mata pakatumba anakuwa mpaka akuminda ina anaimirira. Sindinamuthandize kuuchotsa. Ndinkawokera mizere itatu iye ali pa umodzi, ndipo nthawi ndi nthawi ndinkamufunsa ngati waliwiro wake sangabwere kudzamalizitsa. Mkwiyo wanga unali usanathe, ndipo ngakhale lero ndikakumbukira chithunzi cha pangolo chija, pamtima pamatenthabe.

Dzuwa litafika pamutu, mwini munda, mayi wamasiye uja, anabwera ndi chigubu cha thobwa ndi kapu imodzi. Mayi ameneyu anandinyamulapo kumsana ndili khanda. Anadutsa pomwe ndinaima, n'kupita kwa mlamu, kum'thirira, n'kudikira amalize. Anam'thiriranso yachiwiri. Kenaka anatseka chigubu n'kuchisenza.

Ndinaseka pang'ono, n'kunena kuti amayi, mwandiiwala ine mwana wanu.

"Sindinakuiwale," anatero osandiyang'ana. "Awa ndi alendo, sanadziwe kuti ndilipo. Iwe umadutsa pano m'mawa uliwonse, n'kumandipatsa moni."