Dengu limene sindinabweze

Mvula ikakata, kontirakiti ya ife otchola tiyi a nyengo inkathera pomwepo. Mwambo wa pa esiteti yathu unali wakuti tsiku lomaliza aliyense akasiye dengu lake pa shedi ya sikelo, kenako atuluke m'nyumba ya kampani. Ine chaka chimenecho ndinalibe kolowera. Amuna anga anali atapita ku Joni osatumiza ngakhale moni, ndipo ana anga awiri ankaphunzira pa sukulu ya pa esiteti pomwepo.

Nditafika pa shedi, akapitawo athu, bambo wachilomwe wa imvi amene ankakalipa ngati wadya tsabola, anayang'ana kumbali n'kunena kuti, "Mayi, dengulo kasungeni kunyumba. Mawa mulawire."

Ndinalawiradi. Tinapalira, tinathira feteleza, mvula inabweranso, tinatchola. Malipiro ankabwera, koma za kontirakiti yatsopano palibe anatchula, inenso ndinasoka pakamwa. Anzanga ankandiseka kuti ndine mlendo woiwala kutsanzika. Mantha ndinali nawo, sindibisa. Galimoto ya abwana ikangoima pafupi ndi munda wathu ndinkaweramira m'tiyi kuti asandione. Komabe zaka zimenezo ndimazisowa: nkhungu ya m'mawa, zala zodetsedwa ndi masamba, nyimbo zachilomwe zonyoza alembi a pa sikelo iwo akuvinira mutu osamva kanthu. Ana anga anakulira m'nyumba ya kampani ija.

Kenako kunabwera abwana atsopano. Anati ine ndinali wanyengo, kontirakiti yanga inatha kalekale, choncho ndisamuke mwezi usanathe. A bungwe la antchito anapita nane ku ofesi ya zantchito kuboma. Kumeneko anatiuza kuti munthu amene abwana amusiya akugwirabe ntchito yomweyo chaka ndi chaka, uku akumulipira, satengedwanso ngati wanyengo, ndipo sangachotsedwe popanda chifukwa chomveka. M'nyumba muja sindinatuluke mpaka mwana wanga wamng'ono atalemba mayeso a Sitandade 8.

Nthawi imeneyo n'kuti akapitawo aja atapuma ntchito, akukhala kwawo ku Chimaliro. Ndinatsika minibasi pa Luchenza n'kukwera kabaza, nkhuku ili m'manja, kukawathokoza. Ndinawapeza atakalamba, ukali wonse utatha. Ndinawafunsa ngati lamulo limenelo ankalidziwa tsiku lija pa shedi. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Lamulo lanji, mayi? Inenso kontirakiti yanga inatha inu musanabwere n'komwe. Zaka zonsezo ndinkaopa kufunsa."