Khomo Limene Ankati Ndinatsegula

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene tinkakhala m'kompaundi ina ku Al Waab, mumzinda wa Doha. Bambo ankayang'anira madalaivala pa hotela, ndipo amayi anali namwino mpaka pamene madokotala anawapeza ndi chotupa m'bere n'kuwauza kuti akufunika opaleshoni msanga.

Bambo sanavomere. Anali atakopeka ndi mlaliki wina wa pa TV, wa masuti onyezimira, amene ankaphunzitsa kuti mwana wa Mulungu sadwala ndiponso sasauka. Wofuna kuchira ankayenera kudzala mbewu, kutanthauza kumutumizira iyeyo chopereka, kenako n'kuika dzanja pagalasi la TV. Bambo akaweruka, asanavule n'komwe nsapato, ankagwira dzanja la amayi n'kulikanikiza pagalasipo. Amayi ankangomvera, kaya chifukwa cha ulemu, kaya nawonso ankaopa mpeni.

Kumapeto kwa Okutobala ana a m'kompaundimo ankavala ngati mizukwa ndi afiti, n'kumagogoda nyumba ndi nyumba kupempha maswiti. Kwathu zinali zoletsedwa. Bambo ankati Mkhristu sasewera ndi za kumanda. Koma madzulo a tsikulo mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe anandibweretsera chigoba cha pulasitiki chooneka ngati chigaza. Amayi, ali chigonere pa sofa, anaona mmene ndinkachiyang'anira. Anandiuza kuti ndipite koma ndibwerere bambo asanafike, poti m'nyumbamo munkangonunkha mankhwala ndipo mwana amafunika kusekako.

Tsikulo bambo anaweruka msanga. Anandipeza panjira, chigoba chili kumaso, jumbo ya maswiti ili m'manja. Sanandimenye. Anataya maswitiwo m'bini n'kundigwaditsa pamatailosi ozizira kutsogolo kwa TV. Mlaliki uja ankaphunzitsanso kuti pemphero likapanda kuyankhidwa, ndiye kuti wina m'nyumbamo watsegulira Satana khomo.

"Khomo lija ndi limeneli," anatero bambo. "Amayi ako sakuchira chifukwa cha iwe."

Amayi anayesa kunena kuti anandilola ndi iwowo, koma bambo anangoti khalas, kutanthauza kuti basi, n'kukweza mawu a TV.

Mmene anamwino anzawo a amayi ankabwera kudzawatenga mokakamiza kupita nawo kuchipatala, matendawo anali atalowa kale m'mafupa. Amayi anamwalira miyezi yotentha isanayambe. Tinakawaika kwathu ku Ntcheu, ndipo bambo anandisiya kwa azakhali n'kubwerera ku Doha. Ndinakula ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndinapha amayi anga. Sindinauzepo munthu. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo, ndipo wina akadwala pakhomo ndinkapewa ngakhale kumupatsira madzi akumwa.

Bambo anabwereratu kumudzi chaka chimene ndinalemba mayeso a Folomu 4, ataonda komanso atamera imvi. Tsiku lina tili pakhonde anandifunsa ngati sindinkafuna kukhala namwino ngati amayi. Ndinawayankha kuti munthu ngati ine sayenera kukhudza odwala. Sanamvetse, choncho ndinawabwerezera mawu awo aja, limodzilimodzi.

Anandiyang'ana, kenako anafunsa:

"Ineyo ndinanena zimenezo?"

Anali ataiwala. Analira mmene sindinawaonere pamaliro, n'kundiuza kuti zaka zonsezo ankayesa kuti ndimakhala chete chifukwa chodana nawo pa nkhani yokana opaleshoni. Anapepesa, ndipo ndinawakhululukira, koma zaka zija sizinabwerere.

Lero ndili ndi ana anga. Nanenso pali zimene ndimawaletsa chifukwa cha chikhulupiriro, ndipo ndimawafotokozera chifukwa chake. Koma ndinazindikira kuti kholo likagwidwa ndi mantha limafunafuna poti liwatule, ndipo pafupi pamakhala mwana, amene sadziwa kukana. Ndikamva mantha oterowo akubwera, ndimatseka pakamwa n'kutuluka panja, chifukwa mawu amene ine ndingaiwale mawa, mwana wanga akhoza kukalamba nawo.