Tsiku Limene Ndinamva Dzina la Amayi

Dzulo adzukulu anandionetsa kanema wa mayi wachikulire amene anayamba kudziimira payekha. Mtima wanga unathawira ku Thyolo, kumene ndinakulira.

Bambo atatchona ku Halale, kapitawo anafuna kutitulutsa m'nyumba ya esiteti ya tiyi. Amayi anabereka dengu kukapempha ntchito, ine pambuyo, mame a tiyi akundinyowetsa mpaka m'khosi.

"Ndinu akazi a yani?" anafunsa kapitawoyo.

"Ndine Edesi," anayankha amayi. "Manja ndi angawa, ndithyola ndekha."

Ndinalira, poganiza kuti Edesiyo ndi mayi wina wodzalowa m'malo mwa Amake Rozi, amayi anga. Iwo anangoseka, n'kundipukuta ndi nsalu yonunkhira masamba.

M'nyumbamo sitinatulukemo, Ambuye alemekezeke. Koma ndimalakalaka nditawaitanako kamodzi kokha kuti, "A Edesi," iwo n'kuvomera.